Chikho katatu, kenako ngongole: mmene sizoni ya 2024/25 ya handball ya amayi ku Ulaya inayendera

Pa 13 Januwale 2025, akuluakulu a kalabu ya Vipers Kristiansand ya ku Norway analengeza kuti kalabuyo yatha chifukwa inalibenso ndalama zobwezera ngongole ndi zolipira osewera. Ikanakhala timu wamba, nkhaniyi sikanamveka kunja kwa Norway, koma iyi inali timu yomwe inatenga chikho chachikulu kwambiri cha makalabu a amayi a handball ku Ulaya, cha EHF Champions League, zaka zitatu zotsatizana: 2021, 2022 ndi 2023. Inatha mpikisano uli mkati, masewero ena a m'gulu lake asanaseweredwe. Pasanathe miyezi isanu, pa 1 Juni, timu ya Győri Audi ETO KC ya ku Hungary inakweza chikho chomwecho mumzinda wa Budapest itagonjetsa Odense Håndbold ya ku Denmark ndi zigoli 29 kwa 27. Zinthu ziwirizi zinachokera pa muzu umodzi, ndipo muzuwo ndi mmene sizoni ya mpikisanowu inakonzedwera: imafuna kuti kalabu iwononge ndalama kwa miyezi isanu ndi inayi, kenako n'kuweruzidwa m'masiku awiri okha.

Kuno ku Blantyre tikamva za amayi akusewera mpira ndi manja, maganizo amathamangira ku ntchemberembaye, kwa ma Queens ndi ku bwalo la Blantyre Youth Centre, choncho n'koyenera kufotokoza kaye kuti handball ndi masewero ena. Amaseweredwa m'holo, pabwalo la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndipo mbali iliyonse kumakhala golo la mamita atatu m'lifupi ndi awiri kutalika, lokhala ndi goloboyi wake. Timu imakhala ndi anthu 7 m'bwalo, goloboyi mmodzi ndi osewera 6. Wosewera saloledwa kuyenda masitepe oposa atatu kapena kugwira mpira kupitirira masekondi atatu osaudunda pansi, ndipo kutsogolo kwa golo kuli dera la mamita 6 lomwe ndi la goloboyi yekha. N'chifukwa chake omwetsa zigoli amalumpha kuchokera kunja kwa mzere n'kuponya mpira ali m'malere, asanaponde m'deralo. Kugundana ndi thupi n'kololedwa malinga ngati wotchinga ali kutsogolo kwa mnzake, koma akamukoka kapena kumukankha mwankhanza amatulutsidwa kwa mphindi ziwiri, ndipo akamulanda mwayi woonekeratu wa chigoli, oyimbira amapereka penate yoponyera pa mamita 7. Masewero amatenga zigawo ziwiri za mphindi 30, ndipo pa mlingo wa Champions League si zachilendo kuti timu iliyonse imwetse zigoli pakati pa 25 ndi 35.

Pali lamulo limodzi lomwe limaoneka laling'ono koma ndi lomwe limalumikiza bwalo ndi thumba la kalabu. Mphunzitsi amatha kusintha osewera nthawi iliyonse komanso kangati konse, masewero ali mkati, ndipo pa masewero alionse amaloledwa kulembetsa osewera 16. Izi zikutanthauza kuti timu yomwe ili ndi akatswiri 7 okha siingapirire kwa ola lathunthu pamaso pa timu yomwe ili ndi akatswiri awiri pamalo alionse, chifukwa liwiro la masewerowa limatopetsa msanga. Kalabu yofuna chikho imakakamizika kulipira pafupifupi matimu awiri athunthu a osewera apamwamba, ndipo ambiri mwa iwo amachokera kunja. Timu ya Győr ya sizoni imeneyi inali ndi osewera a ku Norway, France, Denmark, Netherlands ndi Brazil, kuwonjezera pa eni dziko.

Mpikisanowu umayendetsedwa ndi bungwe la European Handball Federation (EHF), lomwe likulu lake lili ku Vienna. Unayamba mu 1961, ndipo dzina la Champions League unalitenga mu 1993. M'zaka zakale unkalamulidwa ndi Spartak Kyiv, yomwe inautenga maulendo 13, kenako Hypo Niederösterreich ya ku Austria, yomwe inautenga maulendo 8. Lero mumalowa matimu 16 okha, ndipo njira yolowera ili pawiri. Akatswiri a maligi a mayiko omwe ali pamwamba pa mndandanda wa bungweli amalowa mwachindunji, pomwe malo otsalawo amaperekedwa kwa makalabu omwe apempha, bungwe likaunika holo yawo, kuchuluka kwa ochemerera, mgwirizano wa kanema ndi mmene akhala akuchitira m'mipikisano yapita. Ndiye kuti kupambana m'bwalo kokha sikukwanira. Kalabu iyeneranso kusonyeza kuti ingathe kugulitsa masewero ake. Makalabu a ku Russia, monga Rostov-Don yomwe inafika mu fainolo ya 2019, anachotsedwa mu mpikisanowu mu 2022 chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine.

Matimu 16 aja amagawidwa m'magulu awiri a matimu 8, ndipo timu iliyonse imasewera ndi inzake iliyonse kawiri, pakwawo ndi koyenda. Awo ndi masewero 14, kuyambira mu Sepitembala mpaka mu Febuluwale, ndipo kupambana kumabweretsa mapointi awiri pomwe kufanana mphamvu kumabweretsa imodzi. Mu 2024/25 gulu loyamba linali ndi Metz ya ku France, FTC ya ku Budapest, CSM București ndi Gloria Bistrița za ku Romania, Krim ya ku Slovenia, Podravka ya ku Croatia, Storhamar ya ku Norway ndi Nykøbing Falster ya ku Denmark. Gulu lachiwiri, lomwe linali lolemera kwambiri, linali ndi Győr, Team Esbjerg ya ku Denmark, Odense, Brest, HB Ludwigsburg ya ku Germany, Rapid București, Budućnost ya ku Montenegro ndi Vipers. Aliyense amene angayang'ane mapu aona kuti timu ya Brest, yomwe ili kunsonga ya kumadzulo kwa France, inkayenera kudutsa Ulaya yense kuti ikafike ku București kapena ku Podgorica. Maulendo otere amakhala 7 kwa timu iliyonse m'ndime yoyamba yokha, ambiri a pandege ndi ogona m'mahotela, pomwe pakati pa sabata ligi ya kwawo imakhala ikudikira.

Sizoni imeneyi inali yolemetsa kuposa zina chifukwa cha matimu a mayiko. Pa 10 Ogasiti 2024, Norway inagonjetsa France 29 kwa 21 mu fainolo ya masewero a Olympics, ndipo pasanathe mwezi osewera omwewo anali atayamba kale Champions League m'makalabu awo. Kumapeto kwa Novembala mpikisano unaima kuti upereke mpata kwa chikho cha mayiko a ku Ulaya, chomwe chinachitikira ku Austria, Hungary ndi Switzerland, ndipo Norway inachitenganso pa 15 Disembala itagonjetsa Denmark 31 kwa 23. Mu Januwale makalabu anayambiranso. Wosewera ngati Henny Reistad, yemwe ndi wa ku Norway koma amasewera ku Esbjerg, anadutsa m'zonsezi popanda kupuma kwenikweni, komabe ndiye anatsiriza sizoni ali patsogolo pa onse omwetsa zigoli mu Champions League. Kalabu ndi yomwe imalipira malipiro ake mwezi ndi mwezi, koma bondo likavulala ku timu ya dziko, wotaya kwambiri ndi kalabu yomweyo.

Ndime ya m'magulu ikatha, matimu awiri apamwamba m'gulu lililonse amapita mwachindunji mu kotafainolo, awiri apansi amatuluka, ndipo omwe athera pa nambala 3 mpaka 6 amadutsa kaye m'ndime yachipulula, momwe wachitatu wa gulu lina amakumana ndi wachisanu ndi chimodzi wa gulu linalo, wachinayi ndi wachisanu chimodzimodzi. Ndime imeneyi komanso kotafainolo zimaseweredwa kawiri, masewero oyamba ndi achibwereza, ndipo zigoli zimaphatikizidwa. Kuthera pa nambala 1 kapena 2 n'kofunika kwambiri chifukwa kumapulumutsa timu ku masewero awiri owonjezera panthawi yomwe matupi atopa kale. Metz, FTC, Győr ndi Esbjerg ndi omwe anapeza mwayi umenewu.

Funso lalikulu ndi lakuti ndani amalipira zonsezi, ndipo yankho limasiyana dziko ndi dziko. Győr ndi mzinda wa anthu pafupifupi 130,000, koma uli ndi fakitale yaikulu ya kampani ya magalimoto ya Audi, yomwe dzina lake lili pa dzina la timu komanso pa holo yomwe timuyo imasewerera. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2011 boma la Hungary limalola makampani kupereka gawo la msonkho wawo ku masewero angapo a m'magulu, kuphatikizapo handball, m'malo molipereka lonse ku boma. Ku Romania njira ndi ina: CSM București, yomwe inatenga chikho mu 2016, ndi kalabu ya khonsolo ya mzinda, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku khonsoloyo. Makalabu a ku Norway ndi ku Denmark alibe mizati yotere. Amadalira makampani a m'dera lawo, anthu olemera omwe amakonda masewerowa, ndi matikiti. Vipers inkasewerera m'holo ya Aquarama yomwe simulowa anthu ofika 3,000, koma inkapikisana pa msika wa osewera ndi makalabu omwe ali ndi boma kapena kampani yaikulu kumbuyo kwawo. Kuti itenge chikho katatu inalemba akatswiri ochokera kunja monga Anna Vyakhireva wa ku Russia, ndipo malipiro a osewera otere sakwaniritsidwa ndi ndalama za pakhomo la holo yaing'ono choncho. Ndalama zomwe mpikisano umapereka kwa opambana n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za mpira wamiyendo, moti chikho chimabweretsa ulemu wochuluka kuposa ndalama.

Ochemerera a Maule akale ayenera kuti akuimva bwino nkhaniyi. Mu 2004 timu yawo, panthawiyo ikutchedwa Bakili Bullets, inafika m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League ili ndi thandizo lamphamvu, ndipo thandizolo litatha inadutsa m'zaka zovuta pa nkhani ya ndalama ngakhale kuti luso ndi ochemerera zinalipo. Kusiyana kwake n'kwakuti Bullets inapulumuka, pomwe Vipers sinapulumuke.

Zizindikiro zinaonekera poyera mu Okutobala 2024, pomwe Vipers inalengeza kuti ikufunika ndalama za ku Norway zokwana makrone 25 miliyoni m'masiku ochepa, apo ayi itsekedwa. Inafika polengeza kuti yatha, kenako n'kusintha mawu anthu ena atalonjeza kuikamo ndalama, ndipo osewera anapitiriza kusewera osadziwa ngati mwezi wotsatira udzawapeza ali pantchito. Chipulumutsocho chinangotenga miyezi itatu. Kalabu yomwe inatenga ligi ya Norway chaka chilichonse kuyambira 2018 mpaka 2024 inatsekedwa, ndipo masewero ake otsala mu Champions League anaperekedwa kwa matimu omwe inkayenera kukumana nawo. Apa mpikisano weniweniwo unavulala, chifukwa matimu ena anali atasewera kale ndi Vipers kawiri n'kutuluka thukuta, pomwe ena analandira mapointi awiri ali kunyumba. M'gulu lomwe pointi imodzi imatha kusiyanitsa wopita mu kotafainolo ndi wodutsa m'ndime yachipulula, kusiyana kotere si kwapang'ono. Ine ndikuona kuti bungwe lomwe limaunika kuwala kwa magetsi a m'holo ndi chiwerengero cha ochemerera lisanalole kalabu kulowa liyenera kuunika mabuku a ndalama ndi diso lakuthwa lomwelo, popeza amene amavutika kalabu ikagwa si eni ake okha, komanso osewera ndi matimu ena onse a m'gulumo.

Osewera a Vipers anabalalika sizoni ili pakati, aliyense kufunafuna kolowera. Mmodzi mwa iwo anali goloboyi Katrine Lunde, mbadwa ya mumzinda wa Kristiansand womwewo, yemwe anali atatenga kale Champions League maulendo 7: kawiri ndi Viborg ya ku Denmark, kawiri ndi Győr ndiponso katatu ndi Vipers. Iye anapita ku Odense, komwe mphunzitsi anali Ole Gustav Gjekstad, munthu yemwe anatsogolera Vipers pa zikho zonse zitatu zija asanachoke mu 2023. Odense inadutsa m'ndime yachipulula, kenako n'kutulutsa FTC mu kotafainolo, n'kufika ku Budapest koyamba m'mbiri yake. Lunde anasewera fainolo ali ndi zaka 45. Mu makotafainolo enawo Győr inatulutsa Ludwigsburg, Metz inatulutsa Brest, ndipo Esbjerg inatulutsa CSM București, zomwe zinatseka ulendo wa Cristina Neagu, katswiri wa CSM, mu mpikisanowu. Neagu, yemwe anasankhidwa kanayi kukhala wosewera wopambana padziko lonse ndipo anamwetsa zigoli zoposa 1,000 mu Champions League, anasiya kusewera kumapeto kwa sizoniyi.

Kuyambira mu 2014, matimu anayi otsala sasewera pakwawo ndi koyenda. Onse amasonkhana ku Budapest kumapeto kwa sabata imodzi, pa chomwe chimatchedwa Final4: masemifainolo awiri Loweruka, kenako masewero olimbirana nambala 3 ndi fainolo Lamlungu. Chaka cha 2020 chokha ndi chomwe mwambowu sunachitike chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kuyambira 2022 amasewerera m'holo ya MVM Dome, ndipo pa fainolo ya 2023, pomwe Vipers inagonjetsa FTC 28 kwa 24, munalowa anthu 20,022, chiwerengero chomwe panthawiyo chinali chisanafikidwepo pa masewero a handball ya amayi. Ubwino wa dongosololi ndi woonekeratu. Masewero a amayi omwe sabata ndi sabata amaonedwa ndi anthu zikwi ziwiri kapena zitatu amapeza masiku awiri omwe makanema, makampani ndi ochemerera a m'mayiko ambiri amayang'ana malo amodzi. Kwa ife kuno, nthawi ya ku Budapest m'miyezi ya Meyi ndi Juni imafanana ndi yathu, choncho amene ali ndi bandulo yokwanira angathe kutsatira pa EHFTV, tsamba la bungweli loonetsa masewero pa intaneti, popanda kuwerengera maola.

Koma dongosololi lili ndi nkhanza yake, ndipo Metz ndi yomwe inailawa mu 2025. Timuyi, motsogozedwa ndi Emmanuel Mayonnade, inafika ku Budapest isanagonjepo mu mpikisano wonse. Pa 31 Meyi inatsogola Odense ndi zigoli zingapo, koma Odense inabweza mpaka masewero anapita ku nthawi yowonjezera, ndipo Metz inagonja 31 kwa 29. Panalibe masewero achibwereza oti ikakonze cholakwika, ndipo mawa lake, ili yotopa m'thupi ndi mumtima, inagonjanso kwa Esbjerg. Aka kanali kachinayi Metz kufika pa Final4 popanda kulowa mu fainolo. Esbjerg nayo inali paulendo wake wachinayi wotsatizana, ndipo inagonjanso mu semifainolo, ulendo uno kwa Győr ndi chigoli chimodzi chokha, 29 kwa 28, monga momwe inagonjera kwa timu yomweyo ndi chigoli chimodzi chaka chapitacho. Kusewera masewero awiri olemera choncho m'maola osakwana 30 kumakomera timu yomwe ili ndi osewera ambiri ofanana mphamvu, ndipo apa ndi pomwe thumba la Győr limaonekera m'bwalo. Tisaiwalenso kuti Budapest ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Győr, moti ngakhale malowo amatchedwa a pakati, ochemerera a Győr ovala zobiriwira ndiwo amadzaza holo. Sindikunena kuti Győr sinayenere chikho. Timu ya mphunzitsi Per Johansson inatsogolera gulu lovuta kwambiri, ndipo Kari Brattset Dale, yemwe amasewera pamzere wa mamita 6 pakati pa otchinga, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa Final4 chifukwa cha ntchito yooneka ndi maso. Koma chikho chachisanu ndi chiwiri cha kalabuyi, pambuyo pa za 2013, 2014, 2017, 2018, 2019 ndi 2024, chinamangidwa pa maziko omwe makalabu ambiri a mu mpikisanowu alibe.

Ku Africa kuno nkhani ya mtengo wa maulendo inathetsedwa mwa njira ina. Bungwe la handball la mu Africa, lomwe likulu lake lili ku Abidjan, limasonkhanitsa makalabu mumzinda umodzi kwa masiku pafupifupi khumi, ndipo chikho chimatha pomwepo. Izi zimachepetsa ndalama, koma zimachititsanso kuti osewera akumane ndi matimu akunja kamodzi kapena kawiri pachaka, pomwe anzawo a ku Ulaya amakumana nawo pafupifupi sabata iliyonse. Mpikisano wa amayi wakhala m'manja mwa makalabu awiri a ku Luanda m'dziko la Angola, Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto, woyamba wogwirizana ndi kampani ya mafuta ya boma ndipo wachiwiri ndi gulu la asilikali, zomwe zikusonyezanso kuti kulikonse komwe handball ya amayi yakhazikika pamakhala mzati wolimba wa ndalama. Primeiro de Agosto inatenganso chikho choyamba cha makalabu a amayi a padziko lonse cha Super Globe ku China mu 2019, ndipo osewera a ku Angola monga Albertina Kassoma, yemwe waseweranso ku Rapid București, afika mu Champions League ya ku Ulaya kudzera m'makalabu amenewa.

Kugwa kwa Vipers sikunali ngozi ya kalabu imodzi. HB Ludwigsburg, yomwe kale inkadziwika kuti SG BBM Bietigheim, inafika mu fainolo ya 2024 n'kugonja kwa Győr 30 kwa 24, kenako inasamukira ku mzinda wa Ludwigsburg n'kusintha dzina. Mu 2025 inatenga ligi ya Germany ndipo inafika mu kotafainolo ya Champions League. Mu Julaye chaka chomwecho, patangopita milungu yochepa chikho chitakwezedwa ku Budapest, kampani yomwe inkayendetsa timuyo inalengeza kuti yalephera kulipira ngongole zake. Osewera ake, ambiri mwa iwo a timu ya dziko la Germany, anamasulidwa kuti akafune makalabu ena dziko lawo likukonzekera kuchititsa nawo chikho cha dziko lonse kumapeto kwa chakacho, ndipo malo a kalabuyo mu Champions League ya 2025/26 anapatsidwa kwa timu ina. Pa matimu omwe anasewera mafainolo a 2023 ndi 2024, awiri anali atachoka mu mpikisanowu chifukwa cha ngongole pofika Sepitembala 2025.